Mabisiketi a Khrisimasi akome, koma samalani ndi ayisingi

Awerengi anga, makamaka inu amayi anzanga a ku Balaka, Ulongwe, Liwonde mpaka ku Ntaja, mukudziwa kuti Khrisimasi ikamayandikira ana sagona tulo. Kale mpunga, nkhuku ndi botolo la Sobo zinkakwanira. Lero ana aona pafoni mabisiketi ooneka ngati nyenyezi, opakidwa zoyera, zofiira ndi zobiriwira pamwamba, ndiye akuti amayi nafenso tikufuna omwewo. Musadandaule, amenewa mungathe kuphika nokha pambaula, ngakhale mulibe uvuni.

Koma ine monga namwino wopuma pantchito ndili ndi mawu amodzi oti muwasunge. Bisiketi amapita pamoto, ndipo moto umapha tizilombo. Zopaka pamwambazo, zomwe timati ayisingi, sizipita pamoto ayi. Chilichonse chomwe mwaikamo, kaya ndi madzi, dzira, utoto kapena litsiro la m'manja, chimalowa m'mimba mwa mwana monga momwe chilili. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi bisiketi mwini wake. Pezani makapu 3 a fulawa, kapu imodzi ya shuga, magalamu 250 a majarini, dzira limodzi, sipuni ya tiyi imodzi ya baking powder ndi kamchere kotsina ndi zala. Kuti anunkhire, palani khungu la ndimu limodzi, kobiriwira kapena kachikasu kokha, chifukwa koyera ka m'kati kamawawa. Takasani majarini ndi shuga ndi mthiko mpaka ziyere ndi kufewa, swerani dzira, kenaka thirani fulawa wosefa pang'onopang'ono. Musakande ngati mukukanda mandasi. Mukakanda kwambiri bisiketi amatuluka wolimba ngati njerwa. Zikangogwirana, basi lekani.

Vuto lathu kuno kuchigwa ndi kutentha. Mu Disembala ku Balaka kapena ku Liwonde majarini amasungunuka musadamalize n'komwe, ndipo nyenyezi zanu zimaphwasuka mumphika n'kukhala ngati zitumbuwa. Choncho yambani ntchitoyi mbandakucha kunja kukadazizira. Amene muli ndi firiji ikani mtandawo mmenemo kwa mphindi 30. Amene mulibe, uikeni m'mbale yovindikira bwino, mbaleyo muikhazike m'beseni la madzi ozizira pamthunzi. Ukalimbako, uyaleni pathebulo loyera lowazidwa fulawa, n'kuupsinja ndi botolo lotsuka mpaka ukhale wochindikala ngati theka la chala chaching'ono. Dulani ndi kukamwa kwa tambula. Mukafuna nyenyezi, mtima kapena mwezi, jambulani pakatoni, dulani, muike pamwamba pa mtanda n'kumatsatira ndi mpeni.

Mu uvuni mabisiketiwa amapsa pa madigiri 180 kwa mphindi 10 mpaka 12. Pambaula, thirani mchenga wouma ndi woyera mumphika waukulu, wokwana zala ziwiri kuchokera pansi. Khazikani mbale yachitsulo yopakidwa majarini pamchengapo, vindikirani, ndipo ikani makala ambiri pachivindikiro kusiyana ndi pansi, monga muchitira pophika chigumu. Yesani moto powaza kafulawa m'mbalemo. Kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka, phulaniko makala. Bisiketi wapsa m'mbali mwake mukayamba kufiirira, ngakhale pakati pakuoneka pofewa. Amalimba akamazizira.

Pano ndichenjezeko. Masiku a zikondwerero tinkalandira ana ambiri m'chipatala atapsa ndi makala kapena chivindikiro chomwe mayi adachiika pansi potembenuza zophika. Ana akhale patali ndi mbaula. Ngozi ikachitika, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi. Bala likakhala lalikulu, kapena likakhala kumaso, m'manja kapena kumaliseche, thamangirani kuchipatala.

Tsopano tibwere pa ayisingi. Mufunika makapu 2 a shuga wosalala uja amalemba kuti icing sugar papaketi, ndi masipuni aakulu 3 a madzi a mandimu. Shuga ameneyu akasowa m'magolosale kapena akakwera mtengo, sinjani shuga wamba m'kamtondo kotsuka ndi kouma bwino, kosanunkha tsabola kapena nsinjiro, ndipo musefe kawiri pakansalu koyera. Sasalala ngati wogula, koma amagwira ntchito. Thirani madzi a mandimuwo pang'onopang'ono uku mukutakasa, mpaka ayisingi azitsika pasipuni mwaulesi ngati phala la mwana lolimbirako.

Mukaona kuti mandimu awawasa kwambiri ndipo mukufuna kusakaniza ndi madzi, madziwo akhale owiritsa mpaka kubwata, n'kuwaziziritsa ali chivindikirire. Tisaiwale msanga, abale anga. Mliri wa kolera womwe udavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 udayamba kupezeka konkuno ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, udafalikira m'maboma onse, ndipo udapha anthu opitirira 1,700. Khrisimasi imagwa m'nyengo ya mvula, pomwe zitsime zimalowa madzi othamanga ndipo zimbudzi zina zimasefukira. N'zoona kuti shuga wambiri ndi mandimu zimafooketsa tizilombo tina, koma moyo wa mwana si woyesera mwayi. Sambani m'manja ndi sopo musadayambe, ndipo ana amene akufuna kuthandiza asambenso, inu mukuona. Wina aliyense amene akutsegula m'mimba asayandikire mbale ya ayisingi.

Chachiwiri ndi dzira. Maphikidwe ambiri a m'mabuku ndi pa intaneti amanena za ayisingi wolimba wotchedwa royal icing, yemwe amapangidwa ndi choyera cha dzira losaphika. Amawala bwino, sindikana. Koma dzira laliwisi limatha kukhala ndi kachilombo ka Salmonella, komwe kamayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. Munthu wamkulu wathanzi amatha kupirira, koma mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chidatsika angathe kugonekedwa nako. Dzira lilowe mumtanda womwe ukupita pamoto. Mu ayisingi ayi. Pachifukwa chomwecho musalole ana kunyambita mtanda wosaphika wotsalira m'mbale.

Chachitatu ndi utoto. Mukagula, gulani wolembedwa kuti ndi wa zakudya, wokhala m'botolo lake lotsekedwa, ndipo onani tsiku lomwe uthere mphamvu. Kaufa kofiira komangidwa m'kapepala kopanda dzina, komwe wogulitsa sangakuuzeni kudachokera, kasiyeni pomwepo. Mwina ndi utoto wonyikira nsalu kapena mikeka. Chikhalirecho mitundu tili nayo pakhomo. Wiritsani chidede pang'ono m'madzi ochepa, musefe, mupeza ayisingi wofiirira wowawasa bwino. Ufa wa masamba a chammwamba wosefa umapereka mtundu wobiriwira, koma ikani kochepa chifukwa fungo lake ndi lamphamvu. Koko amapereka mtundu wa khofi. Ufa wa malambe, omwe ku Balaka kuno sitichita kufunafuna, umapereka kukoma kowawasa komwe kumachepetsa kutsekemera. Mukafuna kuwaza mtedza wokazinga pamwamba, sankhani bwino, wonse wofota kapena wachuku mutaye, poti chuku chimawononga chiwindi.

Popaka, dikirani mabisiketi azizire kotheratu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapaka akadali ofunda, ayisingi amayenderera n'kugwera pansi. Pakani ndi kumbuyo kwa sipuni. Mukafuna kulemba dzina la mwana kapena kujambula mizere, thirani ayisingi m'kapulasitiki katsopano koyera, dulani kangodya kakang'ono, n'kumafinya. M'nyengo ya mvula mpweya umakhala wa chinyezi, choncho ayisingi amachedwa kuuma, mwina usiku wonse. Ayaleni pathireyi, vindikirani ndi sefa kapena lichero loyera kuti ntchentche zisaterepo, ndipo miyendo ya thebulo muikhazike m'tizitini ta madzi kuti nyerere zisakwere. Akauma, sungani m'chitini chotseka bwino ndipo adyedwe sabata isadathe.

Kuno kwathu timakhala mosakanikirana, Akhristu ndi Asilamu, ndipo mbale imadutsa mpanda pa Khrisimasi, n'kubweranso pa Idi. Ngati mukupatsako anansi achisilamu, dziwani kuti vanila wina wa m'mabotolo amasungunulidwa ndi mowa. Werengani pabotolo, apo ayi gwiritsani ntchito khungu la ndimu lija, aliyense adye ndi mtima umodzi.

Nanga adye angati? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire pafupifupi masipuni a tiyi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo n'kwabwino koposa atakhala 6. Mwana afunika wochepera apo. Bisiketi mmodzi wopakidwa mokhuthala angathe kukhala ndi masipuni awiri kapena atatu, musadawerengere tiyi ndi zakumwa za tsikulo. Ena amati shuga wathu ali ndi vitamini A. N'zoona, adayamba kumuthira mu 2012, koma zimenezi sizisandutsa shuga kukhala ndiwo zamasamba. Mwana adye kaye chakudya, kenaka mabisiketi awiri, ndipo atsuke mano asadagone. Wosakwana zaka 2 musamupatse ayisingi, nthochi kapena bango lakupsa limukwanira.

Agogo kapena bambo amene ali ndi matenda a shuga musawaiwale, komanso musawakakamize ndi mawu oti lero ndi Khrisimasi. Matendawa sadziwa tchuthi. Apatulireni mabisiketi angapo osapaka kanthu, adye mmodzi atatha kudya nsima, ndipo mankhwala awo amwe monga mwa masiku onse. Mukaona akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi kapena akufooka, musadikire kuti zikondwerero zithe, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawu otsiriza ndi a inu amene mukufuna kuphika ogulitsa pamsika kapena pamsewu. Phindu lilipo ndithu nyengo ino, koma amene adye ndi ana a anzanu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mangani mabisiketiwo m'timapepala musadachoke pakhomo kuti dzanja logwira ndalama lisakhudze chakudya. Madzi owiritsa, dzira pamoto, utoto wodziwika ndi m'manja mosamba, mukasunga zinayi zimenezi Nyuwere ikupezani nonse muli pakhomo, osati pamzere wa kuchipatala.