Musataye galimoto ya limoti, chimafa ndi kagiya chabe

Inu amalonda amene mumaoda zidole, nkhani ya galimoto za limoti mukuidziwa bwino. Nyengo ya Khirisimasi zimayenda malonda ngati usipa wa m'mawa, koma Januwale asanathe kasitomala uja wabwera pa benchi panu, nkhope ili ndwii, chidole chili m'jumbo. Mota ikulira, nyali zikuyaka, koma matayala ali duu. Mumakangana, ndipo mapeto ake chidolecho chimakathera kudzala.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nthawi zambiri galimoto yonse imakhala ili moyo. Chimafa ndi kagiya kapulasitiki kochepa ngati batani la malaya. Mukatsegula m'kati mupeza timamota tiwiri, kena koyendetsa matayala akumbuyo, kena kokhotetsa akutsogolo, komanso kabolodi kolandira uthenga kuchokera ku limoti. Kuno ku Nkhotakota mdani wamkulu ndi mchenga wa kunyanja. Ukangolowa m'magiya umapera mano onse, mota n'kumangozungulira payokha ngati chigayo chopanda lamba.

Tsono galimoto imene siopa mchenga tili nayo kale. Ndi ya mawaya, imene ana a ku Linga, ku Chia mpaka ku Dwangwa akhala akupanga kuyambira makedzana: thupi la waya, matayala a zitini za polishi kapena odula ku patapata wakutha, zonse zomangidwa ndi malegeni, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Luso limeneli lidamveka mpaka kunja. M'chaka cha 1990 mayi wina wa ku America amene adakhalapo m'dziko muno, Karen Lynn Williams, adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya oti apangire galimoto yake. Ana a kunja amaliwerenga m'sukulu, pamene ife timakalipira athu kuti akutha nthawi ndi zinyalala.

Ine ndi mphwanga wa Sitandade 7 tidaganiza zokwatitsa ziwirizi. Iye adasankha kupanga pikapu ngati za matola zimene zimanyamula nsomba ndi mpunga mu msewu wa M5. Apa m'pamene masamu adalowa. Akatswiri a zidole zotere amati 1:10, kutanthauza kuti chilichonse chichepe kakhumi. Pikapu yotalika mamita 5 imasanduka ya masentimita 50, tayala nalonso chimodzimodzi. Mwana amene amathawa magawo m'kalasi ndidamuona atagwira lula tsiku lonse osadandaula njala.

Thupi adapinda yekha. Mamota, kabolodi ndi bokosi la mabatire tidachotsa m'galimoto yakufa imene wamalonda wina adatipatsa ulere. Chidatikanika ndi giya. Waya sungausemere mano, ndipo ya mtengo idanyenyeka tsiku lomwelo.

Thandizo lidachokera ku Lilongwe, kwa mnyamata wina amene ali ndi makina osindikiza zinthu za pulasitiki, aja amati 3D printer. Abale, makina amenewa sasindikiza kalata ayi. Amameza pulasitiki yokulungidwa ngati chingwe cha mbedza, kuisungunula pa moto wa madigiri pafupifupi 200, n'kumaisanja pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa unzake, monga mmene mayi amaumbira mphika. Iye adayeza giya yakale ija, kuwerenga mano ake, kujambula pa kompyuta, makina n'kuumba. Adatipangiranso kabokosi kotsekera magiya kuti mchenga usalowe. Zonse zidabwera mu envulopu pa minibasi yodzera ku Salima.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pulasitiki imene ambiri amagwiritsa ntchito, yotchedwa PLA, imayamba kufewa ikatentha kufika madigiri pafupifupi 60. Ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, mukaiwala galimoto pa lata kapena m'galimoto yotseka mawindo, mupeza giya itapindika. Pali ina yotchedwa PETG imene imapirira kutentha kuposa pamenepo, ndiye ofunika kufunsa musanalipire. Chinanso, limoti iyenderane ndi kabolodi kake. Zidole zakale zambiri zidalembedwa 27 MHz pansi pake, ndipo ziwiri zotere zikakumana pa bwalo limodzi zimalandana uthenga. Zatsopano za 2.4 GHz sizichita zimenezo.

Wina anena kuti zonsezi ndi masanje. Iyayi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adayamba ndi kutola zitsulo zotayidwa, mpaka adapanga makina a mphepo opatsa magetsi pakhomo pa makolo ake, ndipo mu 2019 nkhani yake idatuluka pa kanema. Ku Kasungu komweko boma ndi bungwe la UNICEF adatsegula malo oyeserako tindege topanda woyendetsa mu 2017, kenaka mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuwulutsa tindege timeneti. M'kati mwa tindegeto muli zomwezi: mota, batire, ndi kabolodi komvera limoti. M'mera mpoyamba.

Kunena zoona, kutumiza giya imodzi ku Lilongwe n'kuluza, chifukwa ndalama ya ulendo ikhoza kuposa mtengo wa chidole. Phindu lili pa kuchuluka. Galimoto zimene mumaoda zambiri n'zofanana m'kati, ndiye giya ikajambulidwa kamodzi pa kompyuta, kuumba zina 20 kapena 50 n'kungodina batani. Mutasonkhana amalonda asanu a mu msika umodzi, aliyense n'kusunga katoni ya zidole zakufa, mutha kukonza zobwezedwa, zotsalazo n'kumagulitsa mamota ndi timabolodi kwa ana opinda mawaya. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ndiye kasitomala akabweranso ndi jumbo yake, musathamangire kumuuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Tengani sikuludiraiva, tsegulani pansi pa galimotoyo iye akuona, ndipo mumuonetse kagiya kamene kaperekeka mano.