Mkangano pa Hara: dolo wa madolo pa mpira wathu ndani?

Ine ku Hara, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, ndinapitira nkhani ya mitengo ya mpunga wa Kilombero. Koma nditafika ndinapeza magetsi atazima kuchigayo, amalonda odzapikula mpunga ali khale pa matumba awo kudikira. Inu a mumsika mukudziwa, anthu akasowa chochita nkhani imathera pa ndale kapena pa mpira. Tsiku limeneli inathera pa mpira, Chitumbuka ndi Chichewa zikusakanikirana, mpaka ine za mitengo ndinaiwala.

Anayambitsa ndi mdala wina, mlimi wa pa sikimu pomwepo. Ati m'Malawi muno simunabadwe wosewera woposa Kinnah Phiri, ndipo pakanakhala chilungamo bwenzi bwalo lina lalikulu lili ndi dzina lake. Apa mdalayo sananame, poti mabwalo athu awiri akuluakulu, la Kamuzu ku Blantyre ndi la Bingu ku Lilongwe, onse ali ndi maina a mapulezidenti. Iye akuti mu 1978 anamvera pa wailesi Malawi ikuswa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha East and Central Africa, ndipo chaka chotsatira anyamata omwewo anakachiteteza ku Kenya. Kinnah, wa Bata Bullets, anagoletsera timu ya dziko lino zigoli 71.

Mnyamata wina wa kabaza anamudula mdalayo. Ati adada, zigoli zimenezo ndionetseni pa foni. Iyeyo chimene anaona ndi maso ake n'chigoli cha Gabadinho Mhango chimene anachinya Morocco ali patali mu Januwale 2022 ku Cameroon. Mdala anangopukusa mutu. Ine ndinamumvera chisoni, chifukwa umboni wake uli m'mutu mwake basi, ndipo anzake amene anamvera nawo wailesi tsiku lija akutha mmodzimmodzi.

Ndiye panabwera dzina la Ernest Mtawali. Mkulu wina wogulitsa mumsika wa Mzuzu anati pa luso lenileni la mwendo, Mtawali analibe mnzake, n'chifukwa chake anafika mpaka ku Toulouse ku France. Koma wina anakumbutsa kuti m'ma 1980 mkuluyu ankasewera ku Bloemfontein Celtic, komwe ankamudziwa ndi dzina loti Ernest Chirwali, pa nthawi imene South Africa inali itachotsedwa mu FIFA chifukwa cha tsankho. Kodi zimenezi tiziwerengere kapena ayi? Phokoso linakwera.

Apa m'pamene ndinalowererapo ndi nkhani ya ku America. Kumeneko kuli masewero a baseball, omenya kampira ndi chibonga, ndipo ulemu waukulu kwa wosewera n'kulowetsedwa m'nyumba ya akatswiri yotchedwa Hall of Fame, m'tauni ya Cooperstown. Salowamo chisawawa. Munthu akhale atasewera zaka 10 mu ligi yaikulu, adikire zaka 5 atapuma, kenako atolankhani a masewerowa amavota ndipo ayenera kupeza mavoti 75 pa 100 alionse. Komatu nakonso mkangano sukutha. Pete Rose anamenya kampirako bwino maulendo 4,256, kuposa wina aliyense, koma mu 1989 anamuthamangitsa chifukwa chobetcha pa masewero, ndipo anamwalira mu 2024 asanalowemo. Barry Bonds ali ndi mbiri ya ma home run 762, koma atolankhani anamukana zaka khumi zotsatizana pomukayikira kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala opatsa mphamvu.

Nditamaliza, mayi wina wopikula mpunga wokagulitsa ku Lilongwe anaseka. Ati vuto la azibambo inu mukukangana za katundu musanagwirizane muyeso, wina akuyeza pa sikelo, wina pa ndowa. Ndipo anafunsa ngati mpira wa amayi si mpira, poti ana a kwa Chawinga kwawo n'ku Rumphi konkuno. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy ali ku Inter Milan, ndipo Temwa mu 2024 anachinya 20 ku Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wopambana mu ligi yonse ya America. Azibambo aja anangoti kukamwa yasa.

Mayiyu ananena zoona, ndipo maganizo anga ine ndi awa. Tikamayeza ndi zigoli zokha tikubera osewera kumbuyo. Jack Chamangwana, amene ankamutcha Africa, ntchito yake inali yotseka, osati yochinya, ndipo anatisiya mu 2018. Young Chimodzi anavala yunifomu ya dziko lino maulendo 159. Kodi amenewa tiwaika pa ndowa iti? Za Mtawali, ine sindingamufanizire ndi Rose. Kubetcha kumaononga masewero enieniwo, pomwe mnyamata wopita ku Joni kukasaka ndalama wachita chimene agogo athu anachita pa Wenela. Alowe. A Chawinga ndi Gabadinho adikire kaye, lamulo lija loti munthu ayambe wapuma ndalikonda, chifukwa wosewera amene tikumuona sabata ndi sabata timamuyeza ndi mtima wotentha.

Koma mpando woyamba ndikupereka kwa Kinnah, ndipo chifukwa changa si zigoli 71 zokha. Munthu yemweyu anabwerera ngati kochi n'kupititsa Flames ku chikho cha Africa cha 2010 ku Angola, patatha zaka 26 chipitireko mu 1984, ndipo kumeneko tinakhoma Algeria 3-0. Mnyamata wa kabaza uja atamva za Algeria anavomera monyinyirika kuti imeneyo ndiye ilipo pa foni.

Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko madzulo, aliyense anathamangira matumba ake. Mdala uja anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndikalembenso dzina la goloboyi Boniface Maganga, poti pa mkangano wonsewo palibe anamutchula.