Ndani Aweruza Kuti Wosewera Mpira Ndi Mkazi?

Amene anaonererapo mpira wa asungwana pa mabwalo a sukulu za kuno ku Chadiza, kaya ndi kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, adziwa phokoso limene limabuka msungwana wamtali, wa minofu yokhwima ndi khasu, akagoletsa kachiwiri: amayi a mbali yogonja amamanga chitenje m'chiuno nathamangira kwa aphunzitsi akufuula kuti, "Uyo ndi mnyamata, mwatibera!", ndipo sipalephera kupezeka wina wouma m'maso wonena kuti apite naye kuseri akamuone. Mwanayo amangoti chilili pakati pa bwalo, nkhope ili pansi. Tsono popeza mlandu womwewu wafika ngakhale pa mabwalo aakulu a dziko lapansi, n'koyenera kuti tidziwe amene ali ndi mphamvu youweruza.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphika mumphika umodzi. Pali munthu amene anabadwa mwamuna, natha msinkhu monga mwamuna, koma pambuyo pake nakhala moyo wa mkazi, kawirikawiri mothandizidwa ndi mankhwala. Otere ndiwo atchedwa transgender, ndipo mmodzi wa iwo, Laurel Hubbard wa ku New Zealand, ananyamula zitsulo pamodzi ndi akazi pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ngakhale sanapate mendulo. Palinso munthu amene azamba anamulandira monga mwana wamkazi, makolo namulera chomwecho, koma thupi lake mwachibadwa limapanga testosterone wochuluka, ndiwo mahomoni amene amakhwimitsa minofu ndi mafupa a mnyamata akamakula. Kuno kwathu nkhani imene yatigwera ndi yachiwiriyi.

Barbra Banda, mwana wobadwira mu Lusaka m'chaka cha 2000, atagoletsa zigoli zitatu pa Netherlands ndi zitatunso pa China ku Tokyo, tonse tinayesa kuti adzatsogolera timu ya akazi ya Zambia, Copper Queens, ku chikho cha Africa ku Morocco mu July 2022. Koma tsiku litafika, iye anali m'gulu la oonerera. A Andrew Kamanga, amene anali mtsogoleri wa bungwe la mpira la Zambia, FAZ, pa nthawiyo, anati sanakwanitse zoyezayeza zimene bungwe la mpira la Africa, CAF, limafuna, pamene a CAF anakana kuti madokotala awo sanagamule zotero, ndipo monga mapanga awiri avumbwitsa, amene ananyowa pakati pa mabungwe awiriwa ndi mwana wa eni. Anzake anabwerako ndi malo achitatu atagonjetsa Nigeria. Chaka chotsatira FIFA inamulola kusewera chikho cha dziko lonse, kumene chigoli chake pa Costa Rica chinali cha 1,000 m'mbiri ya mpikisanowo. Komabe atalandira mphoto ya BBC mu 2024, anthu akutali osadziwa ngakhale kumene Zambia ili anamunyoza kuti ndi mwamuna wodzisintha, chinthu chimene sichoona.

Nanga bwalo lenileni lili kuti? Mu November 2021 komiti yoyendetsa Olimpiki inasiyira bungwe la masewero alionse kuti lidziikire malamulo ake, motero zimene zimamanga wothamanga sizimanga wa mpira. A zosambira anatsekera khomo mu 2022 aliyense amene anatha msinkhu monga mwamuna. A World Athletics anachita chimodzimodzi mu March 2023, nalamulanso kuti akazi a testosterone wochuluka amutsitse ndi mankhwala, ndipo kuyambira September 2025 wothamanga aliyense wofuna kupikisana ndi akazi pa mipikisano yawo ikuluikulu amayezedwa kamodzi, pomupaka kathonje m'kamwa kapena kumutenga magazi, kuti aone ngati ali ndi jini yotchedwa SRY, imene imayambitsa chimuna m'mimba. Ku mpira, lamulo la FIFA la 2011 linasenzetsa katunduyu bungwe la dziko lililonse, ndiye FAZ kwa ife, kuti litsimikize za osewera ake lisanawatumize. Ndipo wokayika mnzake ayenera kulemba dandaulo lokhala ndi umboni, limene amaliunika ndi madokotala, mwachinsinsi.

Wosakhutira ndi chigamulo amakasuma ku bwalo la milandu ya masewero ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Kumeneko wothamanga Caster Semenya wa ku South Africa anagonja mu 2019, ndipo mpaka mu July 2025 ndi pamene bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula komaliza kuti oweruza a ku Switzerland sanaumve bwino mlandu wake. Mlandu suola, inde, koma miyendo ya wothamanga siidikira zaka zisanu ndi chimodzi.

Ine sindiona cholakwa pa kutchinga mpanda kuzungulira masewero a akazi, pakuti mphamvu imene thupi limapata potha msinkhu wa chimuna siichoka yonse ndi mankhwala, ndipo popanda mpandawo ana athu aakazi sakadaona mphoto. Chondiwawa n'chakuti minga ya mpandawo yabaya kwambiri akazi a mu Africa, monga Semenya, Barbra, ndi Christine Mboma wa ku Namibia, amene onse anabadwa ndi kuleredwa monga akazi.

Chifukwa chake inu aphunzitsi, anyakwawa ndi makolo a Chadiza, phokoso lija likabukanso, kumbukirani kuti lamulo la ana la Zambia la 2022 liletsa kuchititsa mwana manyazi ndi kumuzunza. Funsani khadi lake la kusikelo kapena kaundula wa sukulu. Ngati mukayikabe, lembani dandaulo kwa oyendetsa mpikisano, koma mwanayo musamugwire chovala, ndipo mumsiye amalize mpira wake.