Milton Friedman ndi mtengo wa shuga

Sabata yatha ndinapeza mayi wina akukalipira mnyamata wa pa okala, ati ndi wakuba chifukwa wakwezanso shuga. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Ine ndinakumbukira mkulu wina wa ku America amene tinkaphunzira za iye ku yunivesite, ndisanasiyire panjira chifukwa cha fizi. Dzina lake ndi Milton Friedman.

Mkuluyu anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, m'chaka cha 1912. Makolo ake anali Ayuda osauka ochokera ku Ulaya. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 15, ndipo pophunzira ku Rutgers University ankagwira ganyu yoperekera zakudya. Anaphunzitsa ku University of Chicago zaka pafupifupi 30, analandira mphotho ya Nobel mu 1976, ndipo anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 94.

Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kumva. Mitengo ya zinthu ikamakwera chaka ndi chaka, wolakwa si wogulitsa ayi. Ndiye kuti ndalama zachuluka m'dziko kuposa katundu. Nanga amachulukitsa ndalama ndani? Ndi banki yaikulu, makamaka pamene boma ladya zoposa misonkho yake n'kuthamangira kukakongola kumeneko. Amene akukayika afunse abale athu a ku Zimbabwe, omwe mu 2009 ananyamulapo pepala limodzi la madola 100 trillion.

Komanso anachenjeza kuti ndalama zikachepa kwambiri ndi tsokanso. M'buku lomwe analemba ndi mayi Anna Schwartz mu 1963, anaonetsa kuti pakati pa 1929 ndi 1933 ndalama ku America zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mabanki akugwa, Federal Reserve ikungoonerera. Mankhwala ake anali akuti banki yaikulu izionjezera ndalama pang'onopang'ono, mlingo womwewo chaka chilichonse, andale asalowererepo.

Sindikunena kuti anali mngelo. Mu 1975 anapita ku Chile n'kukumana ndi wolamulira wankhanza Augusto Pinochet, ndipo anthu ambiri sanamukhululukire. Mlingo wake uja nawonso unakanika. America ndi Britain anayesa kuwerenga ndalama cha m'ma 1980 koma anasiya, ndipo mabanki aakulu anatembenukira ku chiongoladzanja.

Kuno kwathu tinalawako maganizo ake. Kuyambira mu 1953 iye ankati mphamvu ya ndalama ya dziko izidziwika pa msika, osati mu ofesi ya nduna. Kwacha yathu inasiyidwa pa msika mu February 1994, ndipo mu 1995 mitengo inakwera ndi 80 peresenti n'kupitirira. Apa ndimasiyana naye pang'ono, pakuti m'dziko lodalira mvula ngati lino, chilala nacho chimakweza chimanga ngakhale banki isanasindikize kanthu.

Komabe, abale anzanga, chilala chimabwera n'kupita. Mitengo ikamakwerabe ngakhale chaka chokolola bwino, funso la Friedman limabwerera: boma lakongola zingati ku banki yaikulu, ndipo abweze ndani? Abweza ndi mayi uja, kudzera mu shuga.

Tsono mayi, mnyamata wa pa okala muzimusiya. Mkwiyo umenewo muusungire aphungu akamakambirana bajeti.