KODI MKAIDI ANGACITE PANGANO ALI M'NDENDE?

Munthu akamangidwa, kumudzi kutsala ng'ombe zake, ngolo ndi cimanga ca m'nkhokwe. Pomwepo pabuka funso lakuti: kodi mwini wakeyo, pokhala ali ku Namuseche ku Chipata kapena ku Mukobeko ku Kabwe, akali nayo mphamvu yogulitsa, yobwereketsa kapena yosaina pangano? Abale ena amyesa mkaidi ngati wakufa, nayamba kugawana cuma cake. Kutero ndi kulakwa kwakukulu.

Ndende imlanda munthu ufulu woyenda, koma simlanda cuma cake ai. Mu 1982 bwalo la House of Lords ku Britain, kumene kunacokera malamulo athu a mapangano, linagamula kuti mkaidi akhala nao maufulu onse amene lamulo silinamcotsere. Muno m'Zambia, mu 2019, bwalo la Supreme Court linaweruza mokomera akaidi awiri a m'ndende yaikulu ya ku Lusaka amene anasumira Boma pa nkhani ya cakudya, ndipo mu 2021 akaidi anaponya voti kwa nthawi yoyamba.

Cotero pangano la mkaidi liyesedwa monga la munthu wina aliyense. Wolicitayo akhale wamkulu msinkhu, wa mutu wabwino, ndipo abvomere mwa kufuna kwake. Ngati anacita kumuopseza kuti asaine, khoti lingathe kulifafaniza panganolo.

Cobvuta n'cakuti mkaidi sangapite kumsika kapena kubanki, ndipo makalata ndi alendo ake adzera kwa oyang'anira ndende. Njira yabwino tsono ndiyo kulemba kalata yopatsa mnzake mphamvu, imene maloya aicha power of attorney. M'kalatamo achulamo dzina la womuimira, kaya ndi mkazi wake kapena mbale, ndi nchito imene wamtuma, nasaina pamaso pa mboni. Wotumidwa kugulitsa ng'ombe ziwiri alibe mphamvu yogulitsa zisanu.

Malire aliponso. Katundu amene khoti lalanda kapena kuletsa sangagulitsidwe, ndipo za munda wa makolo ziyenera kupita kwa anyakwawa ndi mfumu.

Inu ogula, musatulutse ndalama musanaione kalatayo ndi maso anu, pakuti mwini ng'ombe akadzatuluka angathe kukusumirani ndi kuzitenganso. Mabanja osowa ndalama zolipira loya apite ku ofesi ya Legal Aid Board kukapempha thandizo.