Cimene Mluza wa Mbewa Umalandila kwa Make

Dzila la mbewa likakumana ndi umuna, mluza sudziimila pawokha nthawi yomweyo. Poyamba umadalila mapuloteni amene make anasungilatu m'dzilalo, kufikila utagawika kukhala maselo awili. Apo m'pamene majini ake, ndiwo malangizo a cibadwa, amayamba kugwila nchito mokwanila.

Mu 2000, akatswili a ku National Institutes of Health ku America anaonetsa kuti mbewa zazikazi zopanda jini yochedwa Mater zimatulutsa mazila ooneka abwinobwino, koma miluza yake imaimila pa maselo awili osapitilila. Codabwitsa n'cakuti zazimuna zopanda jiniyo zimabeleka bwinobwino.

Anthu nawonso ali nayo jiniyi, pa dzina lakuti NLRP5, ndipo kusokonezeka kwake kwapezeka mwa azimayi ena amene miluza yawo imaleka kukula kuciyambi kwenikweni.