Matope a m'nyanja amachokera kumapiri kwathu

Ndinabadwira ndi kukulira m'mapiri a ku Ntchisi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaona ngati nkhani za nyanja n'za anthu a ku Nkhotakota ndi Salima. Maganizowa anasintha dzinja lathali nditakachezera msuweni wanga amene amapha nsomba pathawale la Chia. Madzi anali ofiira ngati thobwa la mawere. Iye anangoloza mapiri a kumadzulo n'kunena kuti, "Asuweni, dothi ili ndi lanu."

Sananame. Mtsinje wa Lifuliza umene umathira mu Chia umachokera kwathu. Wa Bua nawo umatenga madzi a m'minda ya fodya ndi chimanga ya ku Dowa, Kasungu ndi Ntchisi, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota kukathira m'nyanja ya Malawi. Chaka ndi chaka mpasa zimakwera mu Bua kukaikira mazira patimiyala toyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa.

Nditabwerera kumudzi ndinatunga madzi a mumtsinje m'botolo n'kuwasiya usiku wonse. M'mawa pansi panali matope ochindikala ngati chala. Komatu zimene maso amaona n'zochepa. Akatswiri akamayeza madzi amafufuza tizilombo ta E. coli, tosonyeza kuti madziwo akhudzana ndi chimbudzi. Bungwe la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Amayezanso nayitireti ndi fosifeti wochokera ku feteleza, komanso mpweya umene nsomba zimapuma m'madzimo.

Samathera pamadzi pokha. Amatapanso matope a pansi, chifukwa madzi amapita koma matope amasunga. Fosifeti ndi mankhwala ena opopera mbewu amamatirira kudothi n'kukhala zaka. Feteleza akachuluka m'madzi, ndere ndi namasupuni zimakula mopitirira, ndipo zikawola zimamaliza mpweya wa nsomba.

Iyi si nkhani ya asodzi okha. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ambirife mpope ukawonongeka timathamangira kumtsinje womwewo.

Pempho langa likupita ku National Water Resources Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013: muziyeza madzi ndi matope kuyambira kumtunda kuno, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo zotsatira zake muzizipachika kwa a mfumu ndi kuzipatala m'Chichewa. Munthu salewa chimene sanauzidwe.

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu. Tileke kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tikonze akalozera, tibzale vetiva, ndipo tisatsukire masipuleya m'madzi oyenda. Ine ndayamba ndi dimba langa: ndasiya mizere ya kumtsinje kuti bango limerenso. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene tataya kuphiri lero, mawa tidzachigula pamsika wa Mponela chili m'mimba mwa nsomba.